Beseni la ku Kigamboni

Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, tikatuluka m'tchalitchi, tinkakwera chombo cha pantoni kuwolokera ku Kigamboni, tsidya lina la Dar es Salaam, kunyumba kwa amalume awo a amuna anga. Kumeneko n'kumene Amalawi a mbali yathu tinkakumana. Ndinkapitako mokondwa, makamaka chifukwa cha mwana wanga wamkazi. Anali ndi zaka zinayi, ndipo Chiswahili chinali chitamulowerera kale. Kunyumba ndinkamuyankhula Chichewa iye n'kumandiyankha Chiswahili, koma akakhala pakati pa azimayi a ku Kigamboni aja, akumugwiragwira masaya ndi kumufunsa kuti ndi mwana wa yani, lilime lake linkamasuka. Malo ena oti mwanayo n'kumva chiyankhulo chathu mu Dar es Salaam monse ndinalibe.

Chimene ndinkadana nacho kumeneko chinali beseni. Linali lapulasitiki, lobiriwira, lokandikakandika m'kati. Chakudya chikapsa, mmodzi wa ife azimayi ankathiramo madzi n'kukagwada nalo pamaso pa amalume. Iwo akasamba m'manja, linkapita kwa azibambo ena motsata msinkhu, kenako kwa ife azimayi, ana pomalizira, madzi ake omwewo. Sopo kunalibe, ati amanunkhitsa ndiwo. Tangoganizani anthu oti agwira zitsulo za m'minibasi za daladala, apukuta thukuta la ku Dar, amina, apatsana moni ndi tchalitchi chonse. Pofika kwa ana, madziwo ankakhala atasanduka ngati otsukira mpunga, pamwamba pakuyandama timafuta ndi tina tosadziwika dzina. Ine ndinkangoviika nsonga za zala.

Anansi athu a ku Tanzania amathirirana madzi ndi jagi, ndipo amalume ankadziwa zimenezo. Ankati n'chifukwa chake ifeyo tisamatero, tingasanduke Aswahili. Anachoka ku Malawi ali mnyamata, ndipo chilichonse chimene anachiona kumudzi anachisunga monga chinalili. Ndinawauzapo amuna anga kuti ngakhale kwathu ku Dedza ambiri anasiya kale, kolera atawaphunzitsa. Iwo anangoti, "Ndiye ukawauze wekha."

Lamlungu lina kunatentha kwambiri, ndipo pampopi pa amalume panalibe madzi. Tinkatunga mumgolo mongodontheza. Ndili pakhonde kudula tomato, ndinaona amalume akuzungulira kuseri kwa nyumba, n'kubwera, posakhalitsa n'kupitanso. Akazi awo anandinong'oneza kuti m'mimba mwawavuta kuyambira dzulo lake. Ulendo womaliza ndinawaona akutuluka m'chimbudzi akupukutira manja pathalauza. Sipanapite nthawi, beseni lija linayamba ulendo wake, kuyambira pa iwo omwewo.

Mwana wanga anali pamkeka ndi ana anzake, kutali ndi ine. Pamene ndinkalambalala miyendo ya azibambo kuti ndimufikire, n'kuti atasamba kale, atatapa mpunga wa pilau, akunyambita zala chimodzichimodzi. Sindinadye tsiku limenelo.

Pakati pa sabata mwanayo anayamba kusanza, kenako kutsekula madzi okhaokha. Fungo lake sindidzaliiwala, linalowa m'matiresi, m'makatani, m'tsitsi langa momwe. Ndinachapa nsalu mpaka zala kutuwa. Ndikamupatsa madzi a mchere ndi shuga, ankabweza onse. Nditaona maso akulowa m'kati, milomo itauma, akulira popanda misozi, ndinamukulunga m'chitenje n'kuimitsa bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu. Kuchipatala anamuika dripi. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Namwino amene ankamuyang'anira anali mayi wosazungulira poyankhula. Anandiuza kuti m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tosaoneka tambirimbiri, tambiri mwa ito tothandiza kugaya chakudya. Koma pali tina toipa timene timatuluka ndi chimbudzi cha wodwala, n'kudutsira m'manja, m'madzi kapena pa ntchentche, mpaka kulowa m'kamwa mwa munthu wina. Anati sangalumbire kuti tadutsira pati. "Koma kunena mosabisa, mama, mwanayu wadya chimbudzi cha munthu," anatero. Ndinatuluka panja n'kukasanza m'ngalande. Pambuyo pake ndinamva kuti ana enanso a pamkeka uja anadwala sabata yomweyo.

Mwana anachira, ngakhale anatsala mafupa okhaokha. Mwezi wotsatira ndinagula jagi ndi sopo, tinakweranso pantoni. Chakudya chitapsa ndinadzipereka kuti ndisambitse anthu ndine. Ndinagwada bwinobwino pamaso pa amalume, beseni lopanda kanthu pansi, jagi m'manja, maso pansi monga anandilelera amayi anga.

"Ichi n'chiyani, apongozi?" anafunsa amalume.

"Ndimati ndikuthirireni, bambo. Mwana uja anatsala pang'ono kutisiya."

"Pole sana, pepani, tinamva. Ndiye mukuti anamudwalitsa ndani?"

"Sindikunena munthu, bambo. Ndikunena madziwa."

"Madzi amene ndasambamo ine." Anatembenukira kwa azibambo anzawo. "Mwamva? Tasanduka onyansa. Ife takulira beseni limodzi, sitinafe. Chibale ndi fupa, sichiola. Wonyansidwa ndi manja a abale ake adzanyansidwanso ndi maliro awo."

Ndinakhalabe chogwada, jagi m'manja. Azimayi onse anazyolika, ngakhale aja amene ana awo anadwala. Amuna anga anapeza chofunika kwambiri pafoni yawo. Kenako akazi a amalume anabwera mwakachetechete, anandilanda jagi n'kukhuthulira madzi onse m'beseni, ndipo amalume anaviikamo manja awo mpaka m'mikono.

Apo ndiye ndinanyansidwa kuposa tsiku la kuchipatala lija, osati ndi madzi okha. Anthu akuluakulu, ena ogwira ntchito m'makhitchini a anthu olemera a ku Msasani kumene amasamba m'manja ndi sopo tsiku lonse, anali pamzere kudikira kuviika manja m'litsiro poopa kukhumudwitsa munthu mmodzi. Ndinanyamula mwana wanga beseni lisanafike pamkeka. Tinadya chipisi pokwerera pantoni, nditamusambitsa m'manja ndi madzi a m'botolo.

Sindinapondekonso. Amuna anga ankapita okha, n'kumabwera ndi uthenga woti akazi awo ndi odzimva. Ndikanabwerera akanandilandira, koma beseni likanandilandiranso. Mpaka lero sindinong'oneza bondo, ngakhale zimandipweteka.

Mwana uja tsopano ali ku sekondale, wamtali kuposa ine, ndipo sanagonekedwenso m'chipatala. Chichewa amamva pang'ono ndikamamukalipira. Sabata yatha amayi anga anaimba foni kuchokera ku Dedza, akufuna kumva mawu a mdzukulu wawo. Mtsikanayo anapereka moni wa Chiswahili wa shikamoo mwaulemu, anamvetsera kwa kanthawi akumwetulira, kenako anatseka foni ndi dzanja n'kundifunsa m'Chiswahili kuti agogo akuti chiyani.