Munda wa amayi aakulu ulibe nambala

Ntchito yanga nthawi imeneyo inali yolemba mapulogalamu a pa foni. Ndinkakhala ku Silverest, kunja kwa tauni, m'kanyumba kamene mwini wake anali asanamalize kumanga, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapanikizana ndi anthu m'minibasi kupita ku ofesi m'tauni. Ndikuti ofesi pongoilemekeza. Chinali chipinda chimodzi, matebulo awiri, ine ndi abwana anga, bambo wamtali wosakonda kulankhula amene anandiphunzitsa ntchitoyi.

Chaka chimenecho bungwe lina linatipatsa ntchito. Linkafuna kugawa mbewu ya chimanga chocha msanga kwa alimi a ku Bundabunda, ndipo ife tinayenera kupanga pulogalamu yolembera mayina awo. Wosalembedwa, mbewu salandira. Nditamva dzina la malowo ndinakondwa, chifukwa ndi kwathu. Kumeneko kuli amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, amene anandilera mayi atamwalira. Chaka cham'mbuyo mvula inadukiza chimanga chawo chitangomasula ngayaye, ndiye mbewu imeneyi ankayifunadi.

Bungwelo linatitumizira fayilo ya XML imene timaitcha skima. Skima ndi malamulo chabe. Imanena zimene mlimi aliyense ayenera kukhala nazo polembedwa, monga dzina, mudzi ndi kukula kwa munda, imanenanso zimene zingasiyidwe. Ife sitilemba zonsezo pamanja. Pali kachipangizo kamene kamawerenga skima n'kulemba kokha khodi ya pulogalamu, mafayilo ambirimbiri, tiyi asanazizire m'kapu. Pamwamba pa fayilo iliyonse kamasiya chenjezo lakuti munthu asasinthe kalikonse m'menemo, chifukwa kakadzayendetsedwanso kadzafufuta zonse n'kulemba mwatsopano. Chenjezolo ndinaliwerenga, sindinganame.

Ndikuyesa pulogalamuyo ndinapeza kuti ikukana kusunga mlimi wopanda nambala ya puloti, nambala imene boma limapereka likayeza malo a munthu. Ndinatsegula skima, n'kupezadi mzerewo. Nambala ya puloti, yokakamiza. Ndinapsa mtima nthawi yomweyo. Amene analemba zimenezi anapondako ku Bundabunda? Munda wa amayi aakulu umayambira pa chulu, kutsika mpaka pa mtengo wa msuku, n'kukhotera ku kamtsinje kouma kaja. Ndi malo a makolo. Aliyense m'mudzimo amadziwa pamene pathera munda wa mnzake, koma pepala palibe, nambala palibe.

Kukonza kwake kunali kophweka mochititsa manyazi. Pa mzerewo panali 1, kutanthauza kuti nambalayo ikhalepo basi. Kuika 0 pamenepo, nkhani yatha. Koma abwana anati, "Skima si yathu, osaigwira. Balembele bene bake." Ndinawalembera eni akewo. Anayankha kuti akambirana. Sabata inatha, inanso inatha, iwo ali kukambirana, kumwamba mitambo itayamba kale kusonkhana.

Ndiye ndinachita zanga. Tsiku lina abwana atatuluka kukagula chakudya, ndinatsegula fayilo imene kachipangizo kanalemba, pansi penipeni pa chenjezo lija, n'kufufuta mizere itatu imene inkakana mlimi wopanda nambala. Pulogalamu inayenda bwinobwino. Abwana sindinawauze, chifukwa ndinkadziwa nkhope imene akanandionetsa. Ndinadziuza kuti zotumiza mayina ku likulu la bungwe tidzaziona anthu atalembedwa kale.

Kutatsala masiku awiri kuti kulemba alimi kuchitike, ndinapita ku Chalimbana kukaphunzitsa anthu olemba mayina mmene angagwiritsire ntchito mafoni, kuchoka apo ndinapitirira kumudzi. Laputopu ndinaisiya ku ofesi. Ndili kumeneko bungwe linatumiza skima yatsopano, litawonjezera malo olembapo mtundu wa mbewu. Za nambala ya puloti sanakhudzeko. Abwana anachita zimene munthu aliyense wodziwa ntchito akanachita. Anayendetsa kachipangizo, n'kutumiza pulogalamu yatsopano ku mafoni onse. Ine zimenezi sindinazidziwe.

Kulemba kunali kwa tsiku limodzi, pabwalo la mishoni, pansi pa mitengo ya mango. Amayi aakulu anali oyamba pa mzere, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ndipo anali atauza mudzi wonse kuti makina olembera anawapanga ndi mwana wawo. Wolemba mayina anali mayi wina, mphunzitsi. Anawafunsa dzina, mudzi, kukula kwa munda, nadina kuti asunge. Foni inalemba mawu ofiira. Anadinanso, mawu ofiira omwewo. Anandikodola n'kunena motsitsa mawu, "Ba sisi, ifuna nambala ya puloti."

Ndinakwera pa kachulu kumene netiweki imagwirako, n'kuimbira abwana.

"Ba boss, mwagwira khodi?"

"Nayendetsa chabe kachipangizo," iwo anatero. "Nanga iwe unachita chani?"

Ndinawauza. Kenako ndinayamba kulalata, ngati kuti wolakwa ndi iwo. Ndinati afufutenso mizere itatu ija, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Anakana. Anati ngakhale atafufuta, kompyuta ya ku likulu imayeza mayina ndi skima yomweyo, ndipo wopanda nambala imutaya. Ankanena zoona, ndipo zimenezo ndi zimene zinandikwiyitsa kwambiri. Chigamba changa chija sichikanapulumutsa munthu ngakhale mmodzi.

Nditabwerera pabwalo ndinapeza mphunzitsi uja atapeza kale njira. Ankangolemba nambala iliyonse imene yamubwerera m'mutu, foni n'kuvomera. Mzere unayamba kuyenda. Mtima unakhala pansi, ndinagwada pafupi ndi amayi aakulu n'kuwafotokozera kuti tingowalembera kanambala kabodza, kopanda ntchito, kuti makina akhute.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Nambala ya ndani?"

"Si ya munthu, amayi. Ni yongolemba."

"Iwe ukhala ku Silverest," iwo anatero. "Kuja kunali minda ya anthu. Kunabwera manambala, lelo kuli mipanda ya njerwa. Munda wanga ukaupatsa nambala, mawa azabwera mwini nambala."

Ndinayesa zonse. Ndinati nambalayo sidzatuluka m'foni. Anandifunsa kuti ngati sidzatuluka, akuifuniranji. Ine ndinkadziwa ndithu kuti ituluka, ipita ku likulu, ikakhala m'kompyuta ya anthu amene sindinawaonepo, pambali pa dzina lawo ndi mudzi wawo. Ndinakweza mawu, ine, pamaso pa anthu, kwa mayi amene anandilera. Ndinati ndi kuuma mutu kumeneku, mukhala ndi njala chifukwa cha manambala anayi. Anapinda thumba limene anabwera nalo, poganiza kuti mbewu igawidwa tsiku lomwelo, analiika m'khwapa n'kuuyamba wa kunyumba. Amayi ena atatu kapena anayi a msinkhu wawo anachoka pa mzere n'kuwatsatira.

Lolemba ku ofesi abwana sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangondionetsa mmene munthu amalembera zosintha zake m'fayilo yapadera imene kachipangizo sikafikako, kenako anatenga foni n'kuimbira bungwe lija okha. Mawu a bambo wamkulu anamveka msanga kuposa makalata anga. Ndikanawauza poyamba paja kuti bungwe likuchedwa, m'malo mofufuta mizere mobisa, akanaimba nthawi idakalipo. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Skima yokonzedwa inafika mvula itagwa kale kawiri, galimoto ya mbewu itapita n'kubwerako. Ndinaitsegula. Pa mzere uja panali 0. Ndinayendetsa kachipangizo, kanalemba mafayilo ake onse mosavuta, chenjezo lili pamwamba monga mwa masiku onse.

Loweruka ndinapita kumudzi nditanyamula kathumba ka mbewu yogula m'sitolo. Ndinawapeza amayi aakulu kumunda, cha ku mtengo wa msuku, atabzala kale chimanga chimene anasankha m'zotsala za chaka chatha, chocha mochedwa chomwe chija. Chinali chitamera, mizere yonse mpaka ku chulu. Anandilandira bwino, nandifunsa za ulendo. Ndinawauza kuti makina aja takonza, tsopano safunanso nambala.

"Wachita bwino, mwana wanga," iwo anatero, akupitiriza kupalira. "Mbewuyo ukaike pa denga, mbewa zingadye. Malo obzala atha."