Kachilombo ka m'Kompyuta Yathu

Chingerezi changa ndinachitola m'njira. Sukulu ndinalekeza msanga, ndipo zaka zonse zimene ndinali mesenjala pa ofesi ina ku Sunnyside ndinkawerenga chilichonse chimene mabwana ataya: nyuzipepala zadzulo, mabuku opanda chikuto, ngakhale malangizo a makina ochulukitsira mapepala. Mawu ambiri ndimawadziwa ndi maso okha. Mutandiuza kuti ndiwatchule, mukhoza kuseka mpaka nthiti kuwawa.

Nditapuma pa ntchito, ofesi ija inandipatsa kompyuta yakale ya patebulo, ija ya bokosi lake lolira ngati filiji. Tinaiika pabalaza kwathu ku Chirimba. Mayi akunyumba Chingerezi sawerenga, maso nawonso anali atayamba kuwavuta, choncho masana tikatha kudya ankakoka mpando n'kukhala pambali panga. Ine ndinkawerenga nkhani za pa intaneti n'kumawamasulira m'Chinyanja, pena kuwonjezera zanga pamene dikishonale yandikana. Chikwatiraneni, tinali tisanakhalepo moyandikana chotero masanasana, popanda mwana wolira kapena ntchito yotiitana.

Vuto linabwera ndi ulemu wanga. Tsamba lililonse limene ndatsegula linkatulutsa kabokosi kopempha kuti lizinditumizira mauthenga. Mbali ina ya kabokosiko inkati Allow, ina Block. Dikishonale inandiuza kuti mawu oyambawo ndi kulola, achiwiriwo kutsekereza. Tsono munthu woleredwa bwino, wina akati odi pakhomo, amutsekereza bwanji? Ndinkalola onse.

Posakhalitsa alendo anga anayamba kufika. Pangodya ya sikirini pankatumphuka timabokosi, kena pamwamba pa kanzake. Poyamba anali mankhwala ochepetsa mimba ndi mphoto za mipikisano imene sindinalowepo. Kenaka kunabwera atsikana, nsalu yawachepera, aliyense akuti ali pafupi, mommuno mu Blantyre, ndipo wandisowa kwambiri. Ndikatseka mmodzi ankabwera mnzake. Ndinkaphimba ngodyayo ndi dzanja n'kupitiriza kuwerenga. Mayi anangofunsa kamodzi kuti amenewa ndi ana a ndani. Ndinayankha kuti ndi otsatsa malonda basi, iwo anati chabwino.

Tsiku lina panatuluka chibokosi chofiira chikuthwanima pakati pa sikirini. Ndinachiwerenga, ndipo mwachizolowezi ndinamasulira mokweza.

"Akuti tapezeka ndi kachilombo. Akuti kanalowa kalekale, ndiye tikachedwa kawononga zonse."

Kompyuta sindinaitchule, ndinkaona ngati n'zodziwikiratu. Koma kwa anthu a msinkhu wathu mawu oti kachilombo ali ndi tanthauzo limodzi lokha. Tinaika abale ambiri m'manda mankhwala asanabwere, ndipo mng'ono wawo wa mayi, amene anamulera okha, anatsirizikira m'chipinda chathu cha alendo. Zonsezi ndimazidziwa. Kungoti tsiku limenelo mutu wanga unali m'makina.

Mayi anadzuka mwakachetechete n'kupita kukhitchini. Mawa lake mpando sanaukoke, mkuja wakenso ayi. Ankaphika, ankandipatsa moni, madzi osamba ankanditenthetsera monga mwa masiku onse, koma maso awo ankandizemba. Ine ndinkangoti nkhani ndi atsikana aja. Manyazi anandigwira, ngakhale kuti pansi pa mtima kankhalamba ine ndinkanyadirako pang'ono kuti pamsinkhu uno wina angandichitire nsanje. Chomwe chinkandiwawa n'chakuti ndinkawerenga ndekha, ndipo nkhani yosamasulira munthu inkandikhalira ngati ndiwo zopanda mchere.

Ndinayesa nzeru zanga zonse. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ndinazula zingwe zonse, n'kusiya makinawo apume mpaka mawa. Atsikana anabwerera ali ndi mphamvu zatsopano. Pomaliza ndinaganiza kuti popeza amaonekera pa sikirini, ndiye kuti amakhala mu sikirinimo. Ndinaikulunga m'chitenje, n'kukwera nayo minibasi mpaka ku Limbe nditaifungatira ngati khanda.

Mayi wina wokonza makompyuta m'kashopu ka kuseri kwa sitolo yansalu anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anayesetsa kuti asaseke, Mulungu amudalitse. Anati sikirini ili ngati zenera chabe, anthu amakhala m'nyumba, ndipo nyumba yake ndi bokosi limene ndinalisiya ku Chirimba. Tsiku lotsatira ndinabwera ndi bokosilo.

Analumikiza zingwe, anafufuza ndithu, kenaka anandiuza kuti makinawo alibe matenda alionse. Chibokosi chofiira chija chinali mmodzi wa alendo omwewo, chongoopseza dala kuti munthu adinepo mwamantha akuba a pa intaneti apeze polowera. Anatsegula malo amene pulogalamu yolowera pa intaneti imasungira zilolezo, n'kuyamba kuzichotsa chimodzichimodzi. Zinali zambiri moti anafunsa ngati kunyumba kuli ana osewera ndi mausi, kodinira kaja ka kompyuta. Ndinati mwana wake ndi amene mukulankhula nayeyu. Nditamufotokozera za odi uja, anati kuyambira tsopano ndizidina Block, ndisamve chisoni, chifukwa kuseri kwa chitsekocho kulibe munthu woti akhumudwe.

Ndinafika kunyumba ngati msilikali wochokera kunkhondo. Mayi ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Ndinatsitsa bokosi n'kuwauza kuti atsikana aja apita, ndiponso kachilombo kunalibe n'komwe.

Manja awo anaima m'lichero.

"Mwakayezetsa kuti, bambo?"

"Ku Limbe, kwa mayi wokonza makompyuta."

Kenaka anaika lichero pansi n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono, maso ali pa nyemba. Anati ankadziwa kuti amuna a msinkhu wanga nkhani zolemera sazinena maso ndi maso, amazizungulitsa. Ataona atsikana aja, kenaka n'kumva mawu anga, anaganiza kuti ndasankha kuwauza kudzera m'makina zimene pakamwa panga pakulephera. Masiku onsewa anakhala akukwiya, akulira kukhitchini, akukumbukira mng'ono wawo. Ndipo anali atafunsa kale mwachinsinsi tsiku limene kuchipatala kumakhala anthu ochepa.

"Ndimafunafuna mawu oti ndikuuzeni kuti tipite limodzi," anatero. "Masiku ano mankhwala alipo. Sindikanakusiyani kuti muzimwa nokha."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti. Ine wowerenga mabuku, womasulira nkhani za maiko akutali, ndinasowa mawu m'chilankhulo chimene ndinayamwa. Pamene ine ndinkanyadira nsanje, mnzanga anali atandiweruza, n'kundikhululukira, n'kundikonzera ulendo, zonsezo ali yekha.

Ndinawafotokozera zonse kuyambira pachiyambi: kabokosi kopempha, ulemu wanga, ndi kuti azungu matenda a makina amawatchula ndi dzina lomwelo la matenda a anthu. Anamvetsera osandidula. Nditafika pa ulendo wa sikirini m'chitenje, mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira mpaka pamene anapukuta maso n'kunena kuti chitenje chimenecho anachifunafuna nyumba yonse.

Ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma iwo anati mtima wawo unali utanyamuka kale ulendo wa kuchipatala, ndiye sungabwerere panjira. Sikuti sakundikhulupirira, anatero, kungoti akufuna kumva ndi makutu awo kuchokera kwa munthu wovala yunifolomu, osati kwa womasulira amene anawadwalitsa ndi pakamwa.

Tinapita m'mawa wina kunja kukuzizira. Tinakhala pabenchi pakati pa achinyamata, ife a imvi tokhatokha, ndipo iwo anandigwira dzanja pagulu, zimene sanachitepo ngakhale tsiku la ukwati wathu. Namwino atatibaya zala anafunsa mwaulemu chimene chatibweretsa pamsinkhu umenewu.

"Watituma ndi kompyuta," anayankha mayi, nkhope ili phee.

Zotsatira zitabwera, namwino anayamba kundiuza ine m'Chingerezi, mwina chifukwa cha jekete limene ndinavala. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire, koma mayi anandifinya dzanja.

"Ayi bambo, inu mupume. Anene yekha mwanayu, m'Chinyanja."

Namwino anabwereza kuti tonse awiri tili bwino. Mayi anagwedeza mutu, anakonza duku, n'kundiuza kuti tidzere kumsika, kunyumba kulibe tomato.