Khoma la Wilkins Boe analigumula dala

Pa 9 Okutobala 2021, komiti ya madzi ya m'mudzi mwathu inatuma anthu kukagumula khoma la miyala limene Wilkins Boe anamanga yekha pamtsinje. Khomalo ndi limene limapatutsira madzi m'ngalande yopita kuminda ya koko. Sanachite mobisa ayi. Anapita dzuwa likuswa mtengo, atanyamula zitsulo zogulidwa ndi ndalama za chitukuko.

Wilkins ndinali naye kalasi imodzi kusukulu ya mishoni. Ine ndinapitirira mpaka kukhala mphunzitsi, iye anabwerera kumunda bambo ake atamwalira. Anakwatira Merelyn, amene tsopano anatisiya, ndipo ana awo anakula ndi koko wa m'mundamo asanapite kutauni ya Luganville. Munda wakewo ndi wotsiriza pangalande, ndipo pano pachilumba cha Maewo aliyense amadziwa kuti wakumunsi ndiye amayamba kumva ludzu. N'chifukwa chake ntchito yoliza lipenga la nkhono inali yake. Mvula ikakokolola miyala iye ankaliza, ndipo aliyense wokhala ndi munda ankakwera phiri kukamanga. Wojomba ankapeza polowera madzi m'munda mwake patatsekedwa ndi mwala. Malipiro panalibe. Madzulo tinkamwa kava, chakumwa chathu cha mizu yosinja, n'kumasekana, ndipo Wilkins ankati ine ndimasankha mwala wonyamula ngati ndikusankha choko.

Kenaka kunadza namondwe, ndipo pambuyo pake bungwe lina lochokera kutauni. Linati aliyense wogwira ntchito pangalande azilandira mavatu, ndalama zathu za kuno, tsiku lililonse. Ndinaimirira pamsonkhano n'kufunsa kuti ndalamazo zikadzatha tidzatani. Anandiuza kuti ndikhale pansi, pano si m'kalasi. Ananena mawuwo ndi Kensen, wapampando wa komiti, mwana wa mlongo wake wa Wilkins. Sindinaiwale.

Ndalama zinathadi. Mvula inagumulanso khoma, Wilkins analiza nkhono, anthu n'kumangosuzumira pakhomo. Wina anafuula kuti, "Achimwene, lero akulipira ndani?" Mudzi unaseka. Akumtunda analibe changu, poti timadzi totsalira tinkafikabe kwa iwo.

Tsono Wilkins, munthu wa imvi, wotupa bondo, anayamba kukwera phiri yekha. Miyala ikuluikulu ankaigubuduza ndi mtengo. Ndinamuthandizako mpaka msana utandikaniza. Madzi atafika kumunda kwake, anabzala mbewu yonse imene anali nayo.

Apa m'pamene uthenga unafika woti alendo a bungwe lija akubwera kudzaona ngati tikuyenera kuthandizidwa kachiwiri. Komiti inagwirizana kuti alendo saponya ndalama pa chinthu chimene chili bwino. Kensen anabwera kudzawauza malume ake, ine ndili pomwepo.

"Malume, mwatiwonongera. Akaona madzi akuyenda ayesa sitikusowa kanthu. Tingophwasula kwa kanthawi, kenaka atimangira la simenti."

"Koko wanga azimwa simentiyo?"

"Inu mukuganiza za munda umodzi. Ine ndikuganiza za mudzi wonse."

"Mimba imene ukulankhulirayo inakhuta laplap wophika ndi koko wa m'munda umodzi womwewo, mphwanga."

Kensen anavomera kuti n'zoona, anathokoza mwaulemu, n'kunyamuka kukasonkhanitsa ogumula.

Alendo anabwera. Anajambula miyala yomwazika, anapukusa mitu mwachisoni, anadya nkhumba yathu, n'kukwera boti. Wilkins atafuna kukamanganso anapeza tsamba la namele litamangidwa pamtengo, chizindikiro chathu choletsa kukhudza malo. Komiti inati mwina kubwera alendo ena odzatsimikiza. Wilkins chibadwire sanadumphepo tsambalo, ndipo iwo ankadziwa zimenezo pomwe ankalimanga.

Koko amafuna madzi oyenda, ozizira. Madzi otsala m'mundamo anafunda, mbewu inawola, kenaka matope anang'ambika. Munthu amene ankadyetsa maukwati ndi maliro a mudzi uno tsopano amadikira mpunga wotumizidwa ndi mwana wake wamkazi. Ndikapita kukamuona salankhula za mtsinje. Amandifunsa ngati bondo limachira pa msinkhu wathu, ndipo ndimamuuza zoona. Minda yakumtunda nayo yayamba kuuma, koma eni ake akudikirabe simenti, pomwe ana awo apita kukathyola zipatso ku Australia. Ngakhale chiletsocho chitachotsedwa lero, sindikudziwa ngati patsala manja omanga.

Nyengo zamvula zadutsa ziwiri, boti la alendo osaoneka. Tsamba likauma komiti imamanga lina. Ndafunsa m'misonkhano, amandiyankha kuti nkhaniyo ili m'manja abwino. Tsono ndikufunsa poyera. Kensen, ndi inu nonse a komiti: tsambalo mulichotsa tsiku liti, ndipo ndani mwa inu akwere phiri kukabwezera miyala ya Wilkins pamalo pake? Tchulani tsiku ndi mayina, munthuyo adakali moyo.