Magazi a Nkhuku Amene Ndinakwirira

Anabwera Lachisanu masana, dzuwa la chilimwe lili pamutu, sabata yomwe tinkawerenga gawo la m'Malemba lonena za chigumula. Sanagogode. Ndinamva mwala ukugwa padenga, kenako wina, kenako mawu a anthu ambiri kuseri kwa mpanda. Mkazi wanga anali akutsuka nyama ya nkhuku m'beseni. Ndinamuuza kuti atenge ana atulukire kudimba, asacheuke.

Ndifotokoze kaye kuti tinali ndani. Mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, anaphika zaka zambiri m'nyumba ya Ayuda ku Joni. Pobwerera kwawo ku chilumba cha Chisi anabwera ndi mwambo wawo wowerenga Tora, mabuku asanu oyambirira a m'Malemba, gawo limodzi sabata iliyonse, mpaka kumaliza n'kuyambiranso. Sitinali Ayuda obadwa ndipo sitinadzitche choncho. Tinali anthu ochepa. Loweruka tinkakhala pamphasa m'nyumba mwanga, kuwerenga, kenako kufunsana kuti gawolo likufuna kuti tisinthe chiyani pa khalidwe lathu. Anzangawo ankachokera m'midzi yotalikirana, ndipo ankafika mmodzimmodzi ngati odzagula matemba, chifukwa ambiri anali asanauze abale awo kuti tchalitchi anasiya. Ine ndekha ndiye ndinkadziwika. Ogula nsomba anzanga padoko la Kachulu, kunyanja ya Chilwa, ankandiseka poti ndinasiya mlamba chifukwa ulibe mamba. "Munthu wa pa Chilwa kukana mlamba, ndiye muzidya bango?" Ndinkaseka nawo. Kusekako kunatha chaka chomwe kunabuka mphekesera za anamapopa, anthu opopa anzawo magazi.

Ifeyo tikapha nkhuku, magazi sitidya, komanso sitiwasiya poyera. Timakumba kadzenje, timakhetsera mmenemo, timanena pemphero lalifupi, n'kukwirira ndi dothi. Nyamayo timaithira mchere wambiri kuti magazi otsala atuluke. Tinaphunzira kuti moyo uli m'magazi ndipo si wathu. Mmawa wa tsiku limenelo wina anandiona nditagwada kuseri kwa nyumba, ndikunong'ona, ndikukwirira magazi. Nkhani inayambira pamenepo basi.

Apolisi anafika anthu atandigwetsa kale pansi. Ndinene zoona, akanachedwa pang'ono sindikanalemba izi. Anandiponya kumbuyo kwa galimoto, ndipo mmodzi anandiponda pamsana kuti miyala isandipeze mutu.

Ndinaganiza kuti andipulumutsa. Lolemba ndinadziwa kuti nkhani inali isanathe. Ananditengera mu ofesi. Patebulo panali mpeni wanga, makandulo awiri amene mkazi wanga ankayatsa Lachisanu dzuwa likamalowa, ndi dothi lofiira lija m'jumbo. Wamkulu wawo anali munthu wolankhula mofatsa, ndipo kufatsa kwake ndiko kunkandiopsa.

"Bambo, magazi munawabisiranji?"

"Ndi a nkhuku, bwana. Sindinabise, ndinakwirira."

"Ndani amapempherera magazi a nkhuku?"

Ndinafotokoza zonse monga ndafotokozera pano. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, akugwedeza mutu.

"Ndiye za magazi mumazidziwa bwino, eti? Kwanu kwenikweni n'kuti?"

Ndinati agogo anga anachokera kum'mawa, ku Mozambiki, monga agogo a anthu ambiri m'mudzi mwathu. Mphekesera zinkati anamapopa akuchokera komweko. Analemba.

Kenako anafika pa chimene ankafuna. "Loweruka kwanu kumabwera anthu. Tipatseni mayina. Tikufuna tiwateteze ngati mmene takutetezerani inu. Mukatchula, mawa mutuluka."

Mwina ankanena zoona. Koma chitseko chinali chosatseka, ndipo pabenchi panja panakhala bambo wina wa chitetezo cha m'mudzi, yemwe ndinamuona ndi maso anga Lachisanu lija atanyamula chibonga. Dzina lililonse lotuluka m'kamwa mwanga likanafika kumudzi dzuwa lisanalowe, ndipo galimoto ya apolisi inali imodzi. Ndinati sindikuwadziwa.

Wamkulu uja anatuluka, munalowa ena awiri. Zimene zinachitika sindilemba zonse. Khutu langa lamanzere silimva bwino kuyambira tsiku limenelo.

M'chitokosi tinali ambiri moti pogona tinkatembenuka onse pamodzi. Anzanga atamva mlandu wanga anandisiyira malo pafupi ndi chidebe chodzithandiziramo, palibe ankafuna kundikhudza. Mlonda wina wachikulire ankakonda kundiuza potsegula mmawa kuti, "Musadandaule madala, muno ndi mwabwino. Panja ndiye pali nkhani." Sindinadziwe ngati akunditonthoza kapena akundiopseza. Makiyi akalira, kangapo ndinadzikodzera. Ndinali ndi mantha, sindikubisa.

Buku ndinalibe. Loweruka lililonse ndinkangoyesa kukumbukira kuti tafika gawo liti, n'kulinena chamumtima monga ndikanathera. Koma chimene chinkabwerera kwambiri ndi zimene mlamu wanga anatiphunzitsa pokonzekera sabata ya chigumula, pamene pamaletsedwa kukhetsa magazi a munthu. Anati aphunzitsi akale a Chiyuda ankanena kuti magazi sakhetsedwa ndi mpeni wokha, munthu ungathe kupha mnzako ndi pakamwa uli kutali, manja ako ali oyera. Tsiku limenelo ndinaganiza kuti akunena za miseche ya pachitsime. Ndinavomera mosavuta, ndikumwa tiyi.

Mkazi wanga anathawira kwa mng'ono wake ku Songani. Atamulola kudzandiona, tinalankhulana pazenera la waya, mlonda ali chapatali. Anali atawonda. Anandiuza kuti denga analiotcha, nsomba zonse zouma anagawana.

"Bambo a ana, akuti mukatchula mutuluka?"

"Akutero."

Anatsitsa mawu. "Achimwene musawatchule. Koma mayi amasiye aja? Alibe mwana, alibe mwamuna. Tchulani iwowo okha. Anatu akukufunsani."

Mayi amasiyewo ankakhala okha m'kanyumba ka udzu m'mphepete mwa dambo. Kuwerenga sankatha, ankangomvetsera, koma mafunso ovuta onse ankafunsa ndi iwo. Mkazi wanga ankawakonda. Atamaliza kunena anagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Sindinamudzudzule, chifukwa maganizo omwewo anali atandifikira kale ineyo.

Lachitatu lotsatira ananditengeranso mu ofesi muja. Awiri aja anaima kumbuyo kwanga. Dzina la mayiwo linafika pakamwa, ndinalimva lilime likuliyamba. Sindikudziwa kuti linabwerera bwanji. Sindinali wolimba mtima. Ndinangoona m'maganizo denga lawo la udzu, ndi mmene amayendera pang'onopang'ono chifukwa cha bondo. Ndinati sindikuwadziwa, ndipo awiri aja anachita ntchito yawo.

Mvula itayamba, anthu anatanganidwa ndi kudzala, mphekesera zinazilala. Mwa kuwerengera kwanga tinali pa gawo la abale amene anagulitsa mng'ono wawo. Ananditulutsa mmawa wina popanda mlandu, popanda kukaonekera kukhoti. Wamkulu uja anandibwezera makandulo, mpeni anasunga. "Pitani bambo," anatero. "Koma nkhuku muzipha ngati anthu."

Ufulu ndinkauganizira m'chitokosi ngati Loweruka la pamphasa, tonse titakhalanso pamodzi. Sizinatero. Denga tinafoleranso, malonda ndinayambiranso, koma maso a mudzi ali pa ine mpaka lero, ndipo aliyense wolowa pakhomo panga amawerengedwa. Anzanga aja sanabwerenso. Mlamu wanga amabwera ngati mlamu, timalankhula za mpunga pakhonde pomwe aliyense akutiona. Gawo la sabata ndimawerenga ndi mkazi wanga, chitseko chotseka.

Patapita miyezi ndinakumana ndi mayi amasiye aja padoko pa Kachulu, anthu ali pikitipikiti. Anali ndi dengu pamutu, akutsimphina monga kale. Ndinatsala pang'ono kuwapatsa moni. Anandiyang'ana kamodzi, n'kupitirira ngati sanandionepo chibadwire, nakagula matemba kwa munthu wa pambali panga. Zinandipweteka, ndipo ndinayamika. Ndinayang'ana kunyanja mpaka anapita, kuti wina asaone kuti ndikuwadziwa.