Tinamwetsa adona buku lawo

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga woyamba, kwathu ku Kaphuka kunabwera dona wa ku Mangalande kudzaphunzira za ife Asilamu: sadaka timapereka bwanji, odwala timawasamala bwanji, ana amawerenga bwanji Kurani. Ungopatsa nkhalamba mbatata ziwiri, adona ali kale pambuyo pako ndi cholembera cha inki. Zonse ankalemba m'buku lakuda, ndipo ankati popanda bukulo mayeso akwawo sakakhoza.

Bambo anga anali mwalimu wa pamzikiti. Munthu akadwala, ankalemba mawu a m'Kurani pambale yoyera, n'kutsuka inkiyo ndi madzi, wodwala n'kumwa.

Chisanu cha mu Juni chitafika pachimake, adona anagwidwa malungo, bambo atapita kumaliro ku Linthipe. Masiku awiri anangonjenjemera n'kumabwebweta. Ine ndi mayi sitinkadziwa chilembo ndi chimodzi chomwe, ndipo tinachita mantha kuti mlendo atifera m'manja.

Mayi analiyang'anitsitsa buku lija pamphasa.

"Chiarabu m'mimba mwa mzungu sichingagwire," anatero. "Awa achira ndi zolemba zakwawo. Tenga beseni, iwe."

Ndinang'amba masamba a bukulo mosaumira, poti matendanso anali aakulu, n'kuwatsukira m'beseni. Madzi anada bii. Adona anamwa makapu awiri osatsegula maso, milomo n'kukhala ngati adya mabulosi.

M'mawa mwake anadzuka n'kupempha phala. Atatha phala anapempha buku. Ndinawatengera kuthandala, kumene masamba aja tinawayanika pamodzi ndi mbale, ali mbee.

Adona analira ngati mwana. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinapsa mtima, chifukwa munthu amene dzulo lake sankatha kutukula mutu anali ataimirira ndi miyendo yake, zikomo osanena.

"Amayi, ntchito yanga ya miyezi inayi ili kuti?" anafunsa.

"Ili m'mimba mwanu, adona," anayankha mayi. "Sitinatayeko ndi dontho lomwe."

Adona anakhala pansi, ine n'kuyamba kuopa kuti malungo abwerera. Kenako anatola tsamba limodzi louma, n'kulisalaza pabondo.

"Ndiuzeni zonse mmene munachitira, kuyambira pa beseni."

Anakhala nafe miyezi ina inayi, mafunso aja n'kuyambiranso poyamba. Koma kuyambira tsiku limenelo ankalemba ndi pensulo, ndipo akangoyetsemula, buku ankalikhalira.