Nkhumba mu poto wa malemu

Moni nonse abale.

Lero amayi a ku mpingo anabwera kudzandipepesa maliro a amuna anga, bambo a Yohane. Rudo, mkazi wa Yohaneyo, anafika m'mawa ndi chikwama, akuti, "Amayi, khalani pansi, ndiphika ndine. Ndaonera pa foni."

Anatenga poto wamkulu uja malemu anagula atangoyamba ntchito ku mafakitale a ku Workington. Anathiramo nsawawa zouma, n'kutha madzi onse a m'chigubu, kuno ku lokeshoni ya Mabvuku kumene mpopi unauma kalekale. Chimene chinatuluka ndi phala lobiriwira ngati ndowe za m'dzinja. Akuti supu.

Mayi Phiri, mmodzi wa amayi aja, atanunkhiza anafunsa, "Nyama imeneyi ndi yanji?" Rudo monyada, "Ndi hamu, ya m'tauni." Hamu ndi nkhumba, abale! M'nyumba ya a Sabata! Amayi onse anaika masipuni pansi, anapemphera, n'kupita ndi njala.

Zaka zonsezi ali pa banja pano, osadziwa kuti apongozi ake apita kumanda asanalaweko nkhumba? Foni sinamuuze zimenezo.

Poto uja ndamuika panja. Tandiuzani, ndimukweche ndi phulusa, kapena ndimupatse Rudo apite naye? Kutaya sindingathe, koma kuphikiramo mtima ukukana.