Dziwe Limene Ndinakafuna ku Yofu

Ndinanyamuka ku Mzuzu Lachiwiri m'mamawa, chifunga chisanachoke m'tauni. M'chikwama munali laputopu, zovala za masiku anayi, ndi kalata yomata imene abwana anga, a Nyirenda, anandipatsa dzulo lake. Ndinkapita ku Likoma, kumene ndinali ndisanapondeko chibadwire, ngakhale kuti kwa chaka chathunthu ndinkafotokozera anthu akunja za chilumbacho ngati ndi kwathu.

Gulu lathu linkachita kafukufuku wa likodzo, matenda aja okodzetsa ana magazi. Pachilumbapo tinali ndi munthu mmodzi, a Barnaba, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ankayenda m'makomo kufunsa makolo n'kutumiza mayankho pa fomu ya pa foni. Mayankhowo ankagwera pa tsamba la pa intaneti limene ndinakonza ineyo. Mwana aliyense wodwala ankaoneka ngati kadontho kofiira pa mapu, ndipo tonse a m'gulumo, amene tinali m'mayiko atatu, tinkatsegula tsambalo nthawi ina iliyonse, kuona, kusintha ndi kusiyirana ndemanga m'mphepete. Ndinkalinyadira. Ngakhale amayi anga ku Dedza ndinawaonetsa, iwo n'kundifunsa ngati chimenechi n'chimene chikundichedwetsa kukwatiwa.

Vuto linali lakuti timadontho tonse tinaunjikana pamalo amodzi, ku Yofu, mpaka pamapupo panaoneka ngati chilonda. A Dokotala, mkulu wa kafukufukuyu amene amakhala ku Ulaya, anasangalala kwambiri. Analemba m'mphepete kuti pamenepo payenera kuti pali dziwe lobisika lodzaza nkhono zofalitsa matendawa, choncho mankhwala onse amene tinali nawo apite ku Yofu. A Nyirenda analemba pansi pake kuti akugwirizana nazo ndi mtima wonse. Atatero anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Mukalipeza dziwelo, mulijambule, tonse titchuka," anatero. "Mukapanda kulipeza, ndiye kuti mkuluyo amangokhala pansi pa mtengo n'kumapeka manambala. Mumupatse kalatayi, mulande foni."

Sienta yopita ku Nkhata Bay inali ya K7,000. Ndi galimoto ya anthu asanu ndi awiri, koma dalaivala anali munthu wachikhulupiriro, moti tinakwanamo khumi ndi mmodzi. Titadutsa Mpamba chifunga chinatha, thukuta linayamba, ndipo juzi yanga ya ku Mzuzu inasanduka katundu.

Tsiku limenelo sitima yaikulu kunalibe. Kunali boti lamatabwa la injini, limene linanyamuka cha m'ma eyiti litanyamula simenti, malata, matumba a chimanga, njinga yamoto, ndipo pamalo otsalawo anthu. Ndinakhala pathumba la kabichi. Mwini kabichiyo, mayi wamkulu wa mpango wobiriwira, anandiyang'ana nsapato n'kudziwa kuti ndine mlendo.

"Mukukaona ndani ku Likoma?" anafunsa.

"Ndikukaona dziwe ku Yofu."

Anayang'ana nyanja kumanja, anayang'ana kumanzere. "Madzi onsewa sakukukwanirani?"

Patapita maola awiri mwera unayamba. Ine ndinkadziwa utali wa chilumbacho m'makilomita, ndinkadziwa midzi yake pamtima, koma pa tsamba langa nyanja inali chinthu chabuluu chosagwedezeka. Ndinabweza tiyi yense wa m'mawa uja. Mayi wa kabichi anandipatsa ndimu kuti ndizinunkhiza, n'kundisuntha pang'ono kuti ndichoke pa katundu wake.

Tinaima pa chilumba cha Chizumulu dzuwa lili paliwombo, ndipo tinafika ku Chipyela, pa Likoma, cha m'ma fili. Nditangoponda mchenga foni inalira. Unali uthenga wa kampani ya mafoni wondilandira ndi manja awiri ku Mozambique. Mapiri ake anali pafupi ndithu, kutsidyako, koma sindinayembekezere kuti angandione msanga chotero.

Ndinapeza chipinda pafupi ndi msika, ndinadya chinangwa chophika ndi usipa, kenako ndinayenda kukaona tchalitchi chachikulu chotchuka cha pachilumbapo, chimene pa mapu anga chinali kamtanda kakang'ono ngati nyerere. Ndinaimirira pakhomo pake khosi lili m'mwamba. A Barnaba ndinawaimbira kasanu, foni osalowa. Mayi wogulitsa tomato atandimva ndikudandaula anati, "Aphunzitsi aja? Akudziwa kale kuti mwafika. Mawa abwera." Sindinamuuze dzina langa, iye sanandifunse.

Lachitatu seveni koloko a Barnaba anali panja. Anali bambo wamtali wa imvi, malaya ositidwa bwino, ambulera m'dzanja lina, jumbo yodzaza makope m'dzanja linalo.

"Mwauka bwanji, mayi? Ndinu amene mumalandira zimene ndimatumiza?"

"Ndine ndemwe, abambo."

"Ndathokoza kukuonani ndi maso. Ndinayamba kukayika."

Sindinamve chimene ankatanthauza, ndipo sindinafunse. Ndinangowauza kuti ndikufuna kuona malo ena ake ku Yofu.

Ku Likoma munthu umayenda wapansi. Njira inadutsa m'minda ya chinangwa, pakati pa miyala ikuluikulu ndi milambe, kukwera, kutsika. Ulendo wa ola limodzi unatitengera awiri, chifukwa aliyense amene tinakumana naye anali atadutsa m'kalasi mwawo, ndipo ankaima kupereka moni ndi kufotokoza za ana ake. Ine ndinali patsogolo, maso pa foni, ndikutsogolera munthu wobadwira pomwepo. Iwo ankanditsatira mwaulemu. Titayandikira Yofu foni inati tisiye njira yopita kunyanja, tikhotere kumtunda. Ndinadabwa kuti dziwe lingakhale pamwamba pa phiri, koma makina anali atanena.

"Tafika," ndinatero.

Panali thanthwe lalikulu louma gwaa, mbuzi ziwiri, ndi amayi awiri atakweza mafoni m'mwamba ngati akuwaonetsa dzuwa. Madzi apafupi anali m'botolo langa.

"Dziwe lili kuti, abambo?"

"Dziwe lanji?"

"Ana onse odwala likodzo ali pano. Mapu akutero."

A Barnaba anatsamira ambulera yawo n'kundiyang'ana mmene ayenera kuti ankayang'anira mwana amene wanena kuti likulu la Malawi ndi Ntcheu. "Mayi, pano n'pamene timagwirira netiweki. Fomu yanu ija siitseguka kopanda netiweki, ndipo m'makomo ambiri siifika. Ndiye ndimalemba m'kope, Loweruka n'kukwera pano kudzakopera m'foni."

Fomuyo ndinaikonzera mu ofesi ya ku Mzuzu, mmene intaneti siithawa, ndipo ndinaiuza kuti izilemba yokha malo amene munthu waima potumiza. Inamvera. Kwa chaka chonse tinkayang'ana pamene a Barnaba amakhala Loweruka.

"Nanga bwanji simunanene?" ndinafunsa, mawu ali okwera kuposa mmene ndinafunira.

"Ndinanena. Kumapeto kwa fomu kuli kabokosi kolembedwa kuti Ndemanga. Sindinakasiyepo kopanda kanthu."

Ndinakhala pathanthwepo, ndinatsegula laputopu, ndinailumikiza ndi foni. Kabokosiko ndinkakadziwa. Ndinakabisa mwezi wachiwiri wa ntchitoyo, chifukwa mawu ake ataliatali ankaononga maonekedwe a tsamba, ndipo a Dokotala amakonda zinthu zoyera. Ndinakatsegula. Mzere woyamba unati: "Mwanayu ndi wa ku Khuyu. Pano ndangokwera kudzatumiza. Zikomo." Wachiwiri chimodzimodzi. Ndinatsika, ndinatsika. Cha pakati mawu anayamba kusintha: "Ndabwerezanso, ndi wa ku Khuyu." Pafupi ndi kumapeto panali mzere umodzi wokha wopanda dzina la mudzi: "Kodi kumeneko kuli munthu amene amawerenga?"

Sindinathe kuwayang'ana.

"Kodi mapu amenewo ndingawaoneko?" anafunsa.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti pa anthu onse amene tinali ndi mawu achinsinsi olowera pa tsambalo, munthu yekhayo amene anaonapo ana odwalawo analibe. Ndinawatembenuzira laputopu. Anavala magalasi, anayang'anitsitsa chofiiracho.

"Ndiye ameneyu ndine?" Anaseka mpaka amayi a mafoni aja anacheuka. "Ndakula ndithu."

Ndinawauza za dziwe la a Dokotala, anasekanso. Koma nditanena kuti mankhwala onse akonzedwa kupita ku Yofu, kuseka kunathera pomwepo. Anamasula jumbo ija. M'makopemo munali dzina la mwana aliyense, mudzi wake, ndi gombe limene amasambako, ndipo kumapeto kwa kope lililonse anajambula mapu ndi pensulo. "Ku Yofu kuno alipo, inde," anatero. "Koma ambiri ali ku Khuyu. Ena makolo awo ndinawalonjeza mankhwala."

Potulutsa chingwe cha laputopu, kalata ija inagwa. Dzina lawo linali pamwamba, m'zilembo zazikulu za a Nyirenda. Anaitola, anaipukuta fumbi, anandibwezera osatsegula.

"Ndaphunzitsa zaka zambiri, mayi. Envulopu yotere ndimaidziwa. Muipereka tsopano kapena titatsika?"

"Sindiipereka."

"Ndiye abwana anu mukawauza chiyani?"

Ndinatsegula malo a ndemanga, pansi penipeni pa mawu a a Dokotala, pamene aliyense wa m'gulu akanawerenga. Ndinalemba m'Chingerezi chabwino kuti papezeka vuto la makina. Ndinaiwala kuti amene ali pambali panga anaphunzitsa Chingerezi ku Sitandade 8.

"Makina ake ati?" anafunsa modekha. "Foniyi yandigwirira ntchito bwino."

Ndinafufuta. Ndinalemba kuti dziwe kulibe, kuti fomu ndinailakwitsa ndine, kuti a Barnaba anatichenjeza chaka chonse m'kabokosi kamene ndinabisa ndine, ndipo mankhwala asanyamuke mpaka mapu akonzedwe. Ndinaganiza za lendi ya nyumba yanga ku Katoto, ku Mzuzu. Ndinadina batani lotumizira. Netiweki ya pathanthwepo, imene ndinkayembekezera kuti mwina indichitira chifundo n'kuthawa, inatumiza nthawi yomweyo.

Lachinayi tinalawirira ku Khuyu, wapansinso. Mapazi anali atatupa, ndipo ulendo uno ndinayenda kumbuyo. Tinadutsa pamene asodzi ankayanika usipa pa thandala, tinafika pagombe la bango pamene ana ankasamba ndi kutsuka mbale. A Barnaba anazula udzu wa m'madzi n'kundionetsa tinkhono tomamatira kumizu. Aka kanali koyamba kuona nkhono imene ndinaitchula m'malipoti ambirimbiri.

Pakhomo lina mayi wina anatiyalira mphasa n'kutipatsa madzi a malambe. Mwana wake anali mzere wachisanu ndi chinayi m'kope lachitatu.

"Awa ndi a ku Mzuzu aja," anatero a Barnaba.

"Eya. Mwabwera nawo mankhwalawo?"

Ndinati ayi, ndabwera kudzakonza mapu.

"Mapu," anabwereza mayiyo, ngati akulawa chinthu chosathira mchere. "Chabwino. Imwani madziwo."

Masana onse tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo akuwerenga m'kope, ine ndikusuntha timadontho kupita pamalo pake. Chilonda chija chinayamba kuphwa, timadontho n'kumandanda m'mbali mwa gombe la Khuyu. Ndinafuna kuika kadontho kalikonse pa denga lenileni la nyumba yake, kuti a Dokotala aone kuti ndalapa. A Barnaba anandigwira mkono.

"Amene amaona tsambali ndi angati?"

"Tsopano ndi ochepa. Tikamaliza lidzakhala poyera."

"Ndiye aliyense adzadziwa kuti m'nyumba iyi muli mtsikana wokodza magazi? Ku Likoma kuno timadziwana madenga. Ikani pamudzi, osati pakhomo."

Ndinaika pamudzi.

Lachisanu ndinakwera boti lobwerera, nyanja ili bata ngati sinandilakwirepo. Titayandikira Nkhata Bay foni inayamba kulira mosalekeza. A Dokotala anayamikira gulu lonse chifukwa cha kusamala kwake pofufuza zolakwika. A Nyirenda analemba pansi pake kuti iwo ankakayikira za dziwelo kuyambira pachiyambi. Ine sanandichotse ntchito, makamaka chifukwa palibe wina amene amadziwa kuyendetsa tsambalo. Fomu ndinaikonza kuti izitseguka paliponse, ndipo mankhwala anagawidwa ku Khuyu ndi ku Yofu komwe, ngakhale anachedwa ndi mwezi wathunthu. Mwezi umenewo ndimauwerengera pamutu panga.

Ndinaphunzira kuti tsamba limene tinkati ndi logwirira ntchito limodzi linali la anthu ogwirizana kale, oonera patali. Choncho ndisanapume n'komwe ndinawatumizira a Barnaba mawu achinsinsi. A Nyirenda anati mkuluyo sangazithe zimenezo. Patangopita masiku awiri, m'mphepete mwa mapu munatuluka ndemanga yoyamba ya Chichewa chiyambire kafukufukuyo. Inayamba ndi moni kwa aliyense, dzina ndi dzina, kufunsanso za mabanja awo. Kenako inati: "Chithunzi chanu ndachiona, n'chokongola. Koma pamene mwapaka buluu kumpoto kwa Yofu n'kulemba kuti nyanja, pali nyumba ya mlamu wanga. Ali bwino, sanamire."

A Dokotala anafunsa kuti bamboyo akuti chiyani. Kuyambira tsiku limenelo, ntchito yanga yoyamba Lolemba lililonse ndi kumasulira a Barnaba, ndipo sindidumpha liwu ngakhale limodzi.